Mbiri ya Kuyeza Mvula ndi Chilala Kugombe la Nyanja ya Chilwa

Nyanja ya Chilwa ikaphwa, nkhani yake imafika m'manyuzipepala ndi pa wailesi ngati tsoka logwa mwadzidzidzi: mabwato atsakamira pamatope ku Kachulu, asodzi asamukira ku Chiuta, ku Malombe ndi ku Mangochi, amayi ogulitsa matemba asowa pogwira. Komatu munthu wofufuza mbiri ya gombe la kumadzulo kwa nyanjayi, kuchokera kumene mtsinje wa Domasi umathirira mpaka kumadambo a Likangala ndi Thondwe, apeza kuti kuphwa kwa Chilwa sikudabwerepo mozemba. Kumadziwika miyezi yambiri, mwinanso chaka chathunthu, kusanafike. Kwa zaka pafupifupi 130 m'boma la Zomba mwakhala anthu oyeza mvula, ndipo zida zawo zakhala zikupita patsogolo, kuchoka pa chitini choima pabwalo kufika pa masetilaiti oona dziko lonse ali kumwamba. Chomwe sichidasinthe ndi njira yomwe zoyezedwazo zimayenda. Zimachoka kugombe kunka kumaofesi, ndipo kawirikawiri sizibwerera kwa msodzi ndi mlimi nthawi yochitapo kanthu ikadalipo. Mfundo yanga ndi yakuti mbiri ya kuno ikutiphunzitsa chinthu chimodzi: kuyeza chilala kumapulumutsa anthu pokhapokha kukamachitikira pafupi ndi iwo, kosadukiza, ndipo zotsatira zake zikamabwezedwa kwa eni malo m'chilankhulo chawo.

Kuti timvetse chifukwa chimene nyanjayi imachenjezera msanga, tiyambe taona mapangidwe ake. Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Mtandadza wa mchenga wa kumpoto, womwe njanji yopita ku Nayuchi imadutsapo, udailekanitsa ndi nyanja ya Chiuta, choncho madzi olowamo amathera m'dzuwa ndi m'mphepo, n'kusiya mchere. Ndi yosayanso: pa zaka zabwinobwino malo ambiri sapitirira mamita 2 kapena 3, n'chifukwa chake bwato limayenda pokankha pansi ndi nsungwi yaitali. Mvula yogwa panyanja penipeni sikwanira kubweza madzi omwe dzuwa limamwa pachaka. Imaisunga ndi mitsinje: Domasi ndi Likangala yotsika m'phiri la Zomba, Thondwe ndi Namadzi yochokera kumtunda kwa Zomba ndi Chiradzulu, Phalombe ndi Sombani yochokera ku Mulanje, ndiponso Mnembo wochokera ku Mozambique. Nyanja yotereyi ili ngati nkhokwe: chaka chimodzi cholephera sichiitha poti mumakhala zotsala za chaka chatha, koma zikatsatizana zaka ziwiri kapena zitatu zoperewera mvula, pansi pamaoneka. Mvula ikaleka mu Epulo, madzi amatsika pang'onopang'ono mpaka Novembala, ndipo kutsikako kumakhala pafupifupi mita imodzi. Ndiye kuti wodziwa pamene madzi afika kumapeto kwa dzinja angathe kuneneratu mmene nyanja idzakhalire pofika chilimwe. Palibe dera lina m'Malawi muno lomwe chilengedwe chidalipatsa choyezera chachikulu komanso chosavuta kuwerenga ngati chimenechi.

Oyamba kuchiwerenga adali Anyanja okhala m'mphepete ndi pachilumba cha Chisi, kenako Ayao ndi Alomwe omwe adadzakhala nawo. David Livingstone ndi John Kirk atafika panyanjayi pa 18 Epulo 1859, adapeza madzi ambiri a mchere pang'ono, muli mvuu ndi ng'ona. Patangopita zaka zitatu, chilala cha 1862 ndi 1863, chophatikizana ndi nkhondo za ogwira akapolo, chidapululutsa midzi ya kumtunda, ndipo amishoni a UMCA omwe adamanga ku Magomero m'mbali mwa Namadzi adaona okha kukula kwa njalayo. Anthu a nthawi imeneyo adalibe manambala, koma sadali m'chimbulimbuli. Ankadziwa kusiyanitsa chizimalupsa ndi mvula yobzalira, ankayang'ana ngati mpoto wayamba kuomba kapena mwera ukukakamirabe, ankalawa kuwawa kwa madzi a m'nyanja, ankaona pamene madzi afika m'njedza ndiponso nsomba zomwe zayamba kusowa. Akaona kuti zavuta, akuluakulu ankathira nsembe, koma sankalekera pomwepo: ankasamukira kumadimba, ankaphika mchere wosinthanitsa ndi chakudya, ankatsata nsomba m'maiwe a m'mitsinje. Mphamvu ya nzeru imeneyi idali yakuti woona chizindikiro ndi wochitapo kanthu adali munthu mmodzi yemweyo. Kufooka kwake kudali kwakuti inkasungidwa m'mitu ya okalamba, ndipo sinkatha kunena ngati chaka chino chaipa kuposa chaka cha zaka makumi atatu zapitazo ndi mlingo wotani.

Manambala adabwera ndi atsamunda. Zomba itakhala likulu la boma la Angerezi mu 1891, kulemba mvula ya tsiku ndi tsiku kudayamba m'zaka zomwezo za m'ma 1890, ndipo kudafalikira kumaboma, kumishoni monga ya Domasi ndi kumaesiteti a azungu. Tisanyoze ntchito imeneyi, pakuti ndi chifukwa chake Zomba ili m'gulu la malo okhala ndi kaundula wakale kwambiri wa mvula m'dziko lino. Komabe tifunse kuti ankayezera yani. Zoyezera zinkaikidwa kumene kudali khofi, fodya ndi nyumba za azungu, kumtunda kozizira, pomwe chigwa chotentha cha Chilwa, komwe kudali midzi ya asodzi ndi alimi, chidatsala chopanda wochiwerengera. Nyanja idaphwa kapena kutsika kwambiri cha m'ma 1900, cha m'ma 1914 ndi 1915, mu 1922 ndiponso kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, koma zomwe tikudziwa za nthawi zimenezo zikuchokera m'makalata a apaulendo, m'malipoti a mabwana a boma ndi m'makumbukiro a anthu a kugombe. Kuyeza kuya kwa madzi mokhazikika padoko la Kachulu kudayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Kwa zaka zoposa 50, boma lomwe likulu lake lidali pamtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera panyanjayi linkadziwa mvula yogwa pa kapinga wa maofesi ake, osadziwa mmene madzi akutsikira kumene anthu ake ankapeza ndiwo.

Njala ya 1949 idaonetsa poyera kuti kukhala ndi manambala ndi kupulumutsa anthu ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mvula ya dzinja limenelo idayamba bwino, anthu n'kubzala, kenako idadula kwa masabata angapo chimanga chili m'munda, ndipo chigawo cha kumwera, makamaka boma la Blantyre, chidalowa m'njala yomwe okalamba amaikumbukabe. Zoyezera mvula zidalemba ng'ambayo tsiku ndi tsiku, ndipo malipoti adafika ku Zomba kwa bwanamkubwa Geoffrey Colby. Chomwe chidasowa ndi chakudya chosungidwa ndi dongosolo lokonzedweratu lonena kuti mvula ikadula motere tichite chakuti. Boma lidachita kuitanitsa chimanga kunja, ndipo mabwana ambiri adathamangira kuloza chala alimi kuti achulukana, aononga nthaka, atengeka ndi fodya. Katswiri wa mbiri Megan Vaughan, yemwe adafufuza njalayi ndi kusindikiza zopeza zake mu 1987, adaonetsa kuti malamulo a boma ogulira chimanga ndiponso kagawidwe ka chakudya zidakulitsa vutolo, ndipo kuti amayi osiyidwa ndi amuna awo, okalamba ndi ana ndiwo adazunzika koposa. Manambala a mvula sakadatha kunena zimenezi. Akadazinena ndi amayi a m'midzimo, akadafunsidwa.

Nthawi yomwe sayansi idafikadi kugombe ndi pakati pa 1966 ndi 1976, pamene aphunzitsi ndi ophunzira a Yunivesite ya Malawi, yomwe idali itangotsegulidwa kumene, adachita kafukufuku wa zaka khumi panyanjayi motsogozedwa ndi Margaret Kalk. Zidangochitika kuti ntchito yawo idakumana ndi kuphwa kwa 1967 ndi 1968, choncho adaona ndi maso nyanja ikufa ndi kuukanso, akuyeza madzi, mchere, tizilombo ta m'madzi, njedza ndi nsomba. Buku lawo la 1979 lidakali maziko a zonse zomwe akatswiri amanena za Chilwa. Adapeza kuti nyanja imatsika ndi kukwera m'kazungulira wa zaka zingapo motsata mvula ya m'dera lonse lothira madzi m'nyanjayi. Adapeza kuti madzi akamachepa mchere umakula, makumba ndi matemba amayamba kufa kapena kuthawira kumathiriro a mitsinje, pomwe mlamba umapirira nthawi yaitali. Chachikulu koposa, adapeza kuti mbewu ya nsomba imapulumukira m'maiwe a m'mitsinje ndi m'madambo, ndipo madzi akabwerera mlamba umayamba kuchuluka, matemba n'kutsatira, makumba n'kubwera mochedwa, moti usodzi umatenga zaka zingapo kuti ubwerere m'chimake. Kuyambira nthawi imeneyo palibe mkulu wa boma anganene moona kuti kuphwa kwa Chilwa n'chinsinsi. Njira yake idalembedwa, zizindikiro zake zidaikidwa m'ndondomeko, ndipo malo oyenera kutetezedwa pa nthawi ya chilala adatchulidwa.

Zaka za m'ma 1980 ndi 1990 zidabweretsa kuyeza kwa mtundu wina, kwa chigawo chonse cha Africa. Dziko la America lidakhazikitsa ntchito yochenjeza za njala ya FEWS mu 1985, itachitika njala ya ku Ethiopia ndi ku Sahel. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 ku Harare kudatsegulidwa likulu loyang'anira chilala m'maiko a kumwera kwa Africa, lomwe pambuyo pake lidasamukira ku Gaborone. Mu 1991, zitachitika za napolo wa ku Phalombe, Malawi idakhazikitsa lamulo lokonzekera ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndipo mu 1997 akatswiri a zanyengo a m'maiko a SADC adayamba kukumana chaka ndi chaka kuti alosere za dzinja. Pakati pa zonsezi padagwa chilala cha 1991 mpaka 1992, chomwe chidadula zokolola za chimanga ndi theka, kuposanso apo, dziko likusunga anthu pafupifupi 1 miliyoni othawa nkhondo ya ku Mozambique. Zaka zotsatira mvula idapereweranso, ndipo mu 1995 Chilwa idauma. Tsono taonani chomwe chidapulumutsa nsomba. Mafumu a m'mbali mwa nyanja, asodzi ndi alangizi a zausodzi adagwirizana kulondera maiwe a m'mitsinje, kuletsa kuthira katupe ndi kukoka makoka mmene mbewu ya nsomba idabisala. M'menemo mudabadwa makomiti a m'madoko ndi a m'mitsinje, omwe lamulo la zausodzi la 1997 lidawatsegulira njira. Zomwe akatswiri adapeza mu 1968 zidakumana ndi mphamvu ya mafumu, ndipo madzi atabwerera nsomba zidabwereranso. M'nyengo yomweyo Chilwa idakhala malo oyamba a m'Malawi kulowa m'kaundula wa madambo ofunika padziko lonse wa Ramsar.

Wina anganene kuti zonsezi n'zakale, lero kuli masetilaiti oyeza mitambo, chinyontho ndi kubiriwira kwa mbewu, ndiye palibe chifukwa chovutikira ndi zitini za mvula ndi matabwa a manambala oyezera kuya kwa madzi. Yankho lili m'zomwe zidatichitikira mu 2016. Boma la Malawi lidagula inshuwalansi ya chilala ku bungwe la African Risk Capacity, n'kulipira madola a ku America pafupifupi 4.7 miliyoni. El Niño atafika, mvula idakanika, Pulezidenti Peter Mutharika adalengeza mu Epulo 2016 kuti dziko lili pangozi, ndipo komiti ya MVAC yowerengera osowa chakudya idapeza anthu pafupifupi 6.5 miliyoni. Koma kompyuta ya bungwe la inshuwalansilo, yodalira mvula yoyezedwa ndi masetilaiti, idati okhudzidwa ndi anthu pafupifupi 21,000 okha, ndipo ndalama sizidatuluke. Atatsikira m'midzi kukafufuza, adapeza kuti kompyutayo idauzidwa kuti alimi amabzala chimanga chochedwa kucha, pomwe ambiri adabzala chocha msanga, chomwe ng'amba idachipeza pa nthawi ya ngayaye. Atakonza cholakwikacho, madola 8.1 miliyoni adaperekedwa mu Januwale 2017, anthu atavutika kale miyezi yambiri. Setilaiti idaona mitambo bwinobwino, koma sidadziwe mbewu yomwe idali m'munda. Chimodzimodzi pa njala ya 2002, ziwerengero za zokolola zidakokomeza chinangwa ndi mbatata, chenjezo la ogwira ntchito m'midzi lidachedwa kumvedwa, ndipo boma lidavomera kuti kuli njala mu Febuluwale anthu atayamba kale kufa. Diso la kumwamba ndi lofunika, koma limafuna la pansi lolitsimikizira.

Chitsanzo cha zomwe zimatheka kuyeza kukakhala pafupi chidaoneka pakati pa 2010 ndi 2017, pa ntchito yothandiza anthu a m'chigwa cha Chilwa kuzolowera kusintha kwa nyengo, yomwe dziko la Norway lidalipira ndipo idayendetsedwa ndi bungwe la LEAD la ku Chancellor College, WorldFish ndi nthambi yofufuza za nkhalango ya FRIM. Mu 2012, madzi akutsika, Pulofesa Sosten Chiotha ndi anzake adachenjeza poyera kuti nyanja ili panjira yophwa, potengera mvula ya zaka zotsatizana ndi mbiri ya kuphwa kwa m'mbuyomo. Wailesi ya Chanco idayamba kufikitsa nkhani za nyengo kwa anthu a m'chigwa m'Chichewa, ndipo katswiri wina, Joseph Nagoli, adalemba mmene anthu a pa Chisi akhala akupulumukira nyanja ikauma. Apa tidayandikira zomwe zikufunika. Komatu ntchito ya chithandizo cha kunja ili ndi tsiku loyamba ndi tsiku lotseka, pomwe nyanja ilibe. Patangotha chaka ntchitoyo itatsekedwa, chakumapeto kwa 2018, mabwato adatsakamiranso ku Kachulu, kutsatira chilala cha 2016 ndi ng'amba ya 2018, mpaka mvula ya namondwe wa Idai idadzaza nyanja mu Malichi 2019. Kaundula wa mvula ndi madzi amakhala waphindu akakhala wosaduka, pakuti chaka chimodzi chosalembedwa chimafooketsa zaka makumi zolembedwa. Ntchito yotere ndi ya boma ndi eni dera, yoyenera kukhala m'bajeti chaka ndi chaka.

Pali ena, makamaka achikulire a kugombe komweko, omwe amati madzi saiwala khwawa: nyanja idauma mu 1968, idauma mu 1995, ndipo nthawi zonse imabwerera, nanga kuda nkhawa n'kwa chiyani? Akunena zoona pa za madzi, ndipo akatswiri amavomereza kuti kuphwa ndi kudzala kumabwezera chonde m'nyanja, n'chifukwa chake pa zaka zabwino Chilwa yakhala ikupereka gawo limodzi mwa magawo asanu a nsomba zonse zogwidwa m'Malawi, nthawi zina kuposa apo. Koma anthu odikira madziwo lero si ofanana ndi a 1968. M'chigwachi mukukhala anthu oposa 1.5 miliyoni. Nyanja ikaphwa, msodzi, wosema bwato, wowamba nsomba, wa kabaza ndi mayi wogulitsa pamsika wa Zomba kapena wa Limbe amagwa tsiku limodzi. Osaka mbalame amachuluka mpaka kuopseza mbalame zomwe zidapatsa nyanjayi dzina padziko lonse. Malo omwe madzi achokapo amasanduka minda yolimbirana. Madzi otsala amakhala ochepa ndi akuda, ndipo kolera yakhala ikubuka mobwerezabwereza pakati pa asodzi ogona m'zimbowera, monga zidachitikira kuyambira mu Disembala 2015, mpaka unduna wa zaumoyo ndi bungwe la Médecins Sans Frontières adakapereka katemera panyanja pomwepo mu 2016. Nyanja imabwerera ndithu, koma mwana wosiya sukulu chaka cha chilala, ukonde wogulitsidwa motchipa ndi munthu wofa ndi kolera sizibwerera. Chenjezo la mu Epulo lingapatse banja miyezi isanu ndi umodzi yokonzekera.

Ena amati vuto si mvula ayi, koma kudula mitengo m'phiri la Zomba ndi la Malosa, kulima m'mphepete mwa mitsinje, ndi kupatutsa madzi kupita kuminda ya mpunga ya Likangala ndi Domasi, yomwe idatsegulidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi kumayambiriro kwa za m'ma 1970 mothandizidwa ndi akatswiri a ku Taiwan, ndiponso kudamu la Mulunguzi lomwetsa mzinda wa Zomba. Mfundoyi ili ndi mutu. Nkhalango ikatha, mvula imathamanga nthawi imodzi itanyamula dothi, mitsinje imaphwa msanga m'chilimwe, ndipo dothilo limakwirira nyanja yomwe ndi yosaya kale. Komabe nyanja idauma mu 1915 ndi m'zaka zina zakale, mapiri ali ndi mitengo ndipo masikimu a mpunga kulibe, zomwe zikusonyeza kuti mvula ndiyo gwero lalikulu, ndipo zochita za anthu zikukulitsa bala. Tsono mkanganowu sungathe ndi pakamwa. Kuti tidziwe gawo la chilala ndi gawo la manja athu, tiyenera kuyeza madzi oyenda mu Likangala, Domasi, Thondwe, Namadzi ndi Phalombe, kumtunda ndi kumunsi kwa malo opatutsira, chaka chonse. Malo ambiri oyezera mitsinje m'dziko lino adaonongeka kapena adasiya kuwerengedwa mokhazikika, ndipo gawo lalikulu ndithu la dera lothira madzi mu Chilwa lili ku Mozambique, komwe tiyenera kugawana nako manambala. Popanda zimenezi, mlimi wa mpunga ndi msodzi azingolozana zala, ndipo wolamula azigamula mwa mphekesera. Wodandaula za mitengo ayenera kukhala woyamba kupempha zoyezera.

Chotsutsa champhamvu koposa ndi chakuti nyanja imayankha mochedwa, choncho singachenjeze mlimi wa chimanga za ng'amba ya mu Januwale. Izi n'zoona, ndipo chaka cha 2024 chidachitira umboni. El Niño adaumitsa minda, Pulezidenti Lazarus Chakwera adalengeza ngozi m'maboma 23 mwa 28 mu Malichi, koma Chilwa sidaphwe chifukwa idali isanathe madzi a namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023. Phunziro lake ndi lakuti kugombe kuno kuli zilala ziwiri. Pali chilala cha m'munda, chobwera m'masabata atatu opanda mvula, ndipo pali chilala cha m'nyanja, chomangika m'zaka zingapo. Choyamba chimafuna choyezera mvula pafupi ndi munda ndi ulosi wa masiku ochepa, monga womwe nthambi yoona za nyengo imatulutsa masiku khumi alionse, pamodzi ndi ulosi wa dzinja lonse womwe masiku ano umagawidwa boma ndi boma. Chachiwiri chimafuna thabwa la manambala padoko ndi m'mitsinje. Banja la kuno limadalira zonse ziwiri, munda ndi nyanja, ndipo limapulumuka chimodzi chikalephera china chilipo. Tsoka lenileni limadza zikalephera pamodzi, monga mu 1995. Wophatikiza manambala a mvula ndi a nyanja ndiye angaone tsoka lotere likadali kutali. Njira ya PICSA, yomwe kuno ku Malawi idayambira ku Balaka, yoti alangizi azikhala pansi ndi alimi kuona limodzi kaundula wa mvula ya zaka zambiri ya dera lawo, yaonetsa kuti alimi amamvetsa bwino manambala akawafotokozera mwaulemu. Asodzi nawo akuyenera ulemu womwewo.

Funso lotsala ndi la ndalama, ndipo apa mbiri ikutilimbikitsa. Zomwe zidapindulitsa kwambiri gombeli sizidali zodula: munthu wowerenga thabwa ku Kachulu m'mawa uliwonse, chitini cha mvula pasukulu, mfumu yoitanitsa msonkhano. Zodula ndi zodalira ena zimatha kuzima tsiku limodzi, monga tidaonera mu Januwale 2025 pomwe ntchito ija ya FEWS, yomwe tsopano imatchedwa FEWS NET, idaimitsidwa kwa miyezi ingapo chifukwa cha chiganizo chopangidwa ku Washington. Dziko lodalira mvula silingasiye maso ake m'manja mwa eni ndalama akutali. Choncho ndikupempha khonsolo ya boma la Zomba, nthambi yoona za nyengo, nthambi ya zausodzi, bungwe loyang'anira madzi ndi Yunivesite ya Malawi kuti agwirizane pa zinthu zitatu. Sukulu iliyonse ya m'madera a mafumu Mwambo, Kuntumanji ndi Mkumbira ikhale ndi choyezera mvula chowerengedwa tsiku ndi tsiku, ndipo owerenga madzi padoko ndi m'mitsinje azilipidwa kuchokera m'bajeti ya boma. Mwezi wa Epulo uliwonse, mlingo wa nyanja ndi mvula ya dzinja lonse zilengezedwe m'Chichewa, m'Chiyao ndi m'Chilomwe pa wailesi, pamadoko ndi m'misonkhano ya mafumu. Ndipo pagwirizanidwiretu kuti madzi akatsika kufika pa mlingo wakutiwakuti, maiwe ayambe kulonderedwa, madzi a m'masikimu agawidwe mwa dongosolo, zipatala zikonzekere kolera ndipo chithandizo chinyamuke. Chilwa idzaphwanso, pakuti ndi mmene idalengedwera. Ikadzaphwa anthu a ku Kachulu ndi pa Chisi asanauzidwe, mlandu udzakhala wa ife odziwa kuwerenga manambala, osati wa mvula.